Nsapato za Mwana wa Mayi Mbewe

Chaka chomwe ntchito zinkatha ku Dublin, agogo achizungu omwe ndinkawasamalira ananditenga pa sitima yowoloka nyanja kupita ku America, m'chipinda cha mabwana chokhala ndi khonde. Anzanga akutchalitchi ku Blanchardstown anali atachotsedwa ntchito, ndiye ndinachita manyazi n'kunama kuti ndikupita kumudzi.

Mayi Mbewe akukwaya anabwera ndi nsapato. "Asisi, mukandipatsireko mwana wanga ku Lilongwe."

Ndinalandira ndi manja awiri.

Ulendo wonse mtima unali m'mwamba. Wojambula zithunzi wa m'sitimamo akayandikira, ndinkabisala kumbuyo kwa agogo.

Nditabwerako, Mayi Mbewe anandithamangira. "Zamukwana?"

"Ndendende," ndinatero.

Nsapatozo zikadali kunsi kwa bedi langa. Mwanayo pano ali ku sekondale.