Masipuling'i Amene Anafika Maliro Atatha

Masipuling'i anafika patatha sabata ziwiri chiikire maliro a mkazi wanga. Ndinawaitanitsa kwa munthu wina wogulitsa zitsulo za galimoto ku Limbe, mkaziyo asanayambe n'komwe kudwala. Anali otsitsira galimoto, kuti izioneka yogwada ngati za anyamata a m'tauni. Mkazi wangayo ankandiseka, ankati bambo wamkulu, kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, akufuna kubwerera ku unyamata. Kondakitala wa minibasi atandiimbira kuti katundu wafika pa siteji pa Chitakale, ndinangopita kukatenga, poti panalibe china chochita.

Tinkakhala kwawo kwa mkaziyo, kufupi ndi Milonde. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo anali a mbumba yawo, ndipo tinalibe mwana.

Loweruka m'mawa ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinaika miyala ku matayala akumbuyo, n'kukweza kutsogolo ndi jeke, n'kuchirikiza ndi njerwa ndi thabwa. Ndinachotsa tayala, ndinamasula mabawuti awiri apansi ndi atatu apamwamba, shokabu yonse, chitsulo chimene pamakhala sipuling'i, n'kutuluka. Sipuling'i yakale umayamba waifinya ndi zitsulo ziwiri, zomwe ndinabwereka kwa makaniko wina. Ukalakwitsa imadumpha n'kukuthyola nsagwada. Ndinkadziwa zimenezi, koma mantha ndinalibe. Ndinkangozungulitsa sipanala, mbali iyi kasanu, mbali inayo kasanu.

Ndili pa tayala lachiwiri kunabwera alamu anga, achimwene ake a malemuyo. Anakhala pa tayala limene ndinachotsa. Anayamba ndi za mvula, kenako za mtengo wa nandolo, kenako anati abale akhala pansi, ndipo mwambo wondisudzula uchitika Loweruka linalo. Anati palibe amene akundithamangitsa, nditha kutenga zonse zimene ndikuona kuti n'zanga, ngakhale malata.

"Alamu, mwandimva?" anafunsa.

"Ndamva," ndinatero. "Tandipatsirani sipanala yaing'onoyo."

Anandipatsira. Sanachoke, ndipo nditafika pobwezera shokabu iwo anagwira pansi ine ndikumanga pamwamba. Masana apongozi anga aakazi anabweretsa chinangwa chophika ndi tiyi, anaika pakhonde n'kubwerera osayandikira. Ndinadya manja ali girisi yekhayekha.

Matayala akumbuyo anali osavuta. Dzuwa litapendeka ndinatsitsa jeke. Galimoto inagwada, pakati pa tayala ndi bodi pankangolowa zala ziwiri. Inkaoneka ndendende mmene ndinkafunira. Ndinaima n'kumaiyang'ana, kudikira kuti mwina ndimva kanthu mumtima, kenako ndinapita kukasamba.

Mwambo wa kusudzula unali waufupi. Anandithokoza chifukwa chosamala mwana wawo, anati tsopano ndine mfulu. Malata ndinawasiya. Ndinalongedza zovala, wailesi, matilesi ndi bokosi la masipanala.

Msewu wotuluka m'mudzimo ndi wadothi, wokumbika ndi madzi ochokera kuphiri. Ndisanafike pa mlatho galimoto inakhula pansi katatu, kachinayi inakakamira pa mwala, matayala akungozungulira. Ndinazimitsa injini n'kungokhala m'katimo. Alamu aja anandipeza pamenepo ali ndi amuna ena awiri amene ankachokera ku mwambowo. Palibe anaseka. Anatsitsa katundu yense, ananyamula galimoto n'kuikankha ine ndikuwongolera. Katunduyo anandisenzera mpaka pa tala, ndipo tinatsanzikana pogwirana chanza.

Paipi ya utsi inali itang'ambika, moti galimoto inasokosa njira yonse mpaka ku Chonde, kwa mchemwali wanga, kumene ndinakhala chaka chimenecho. Mchemwaliyo anatuluka atamva phokoso. Sanandifunse zambiri. Anandionetsa chipinda chimene ankasungiramo chimanga, ndipo tinayamba kusuntha matumba kuti matilesi apeze malo.