Tsamba limene Amama Dyness analidumpha

Atsikana a pasukulu yathu amangowatchula kuti Amama. Dzina lawo ndi Dyness, ndipo ndi amene amayang'anira hositelo ya atsikana. Kwawo ndi kufupi ndi Luwawa. Sukulu analekezera Folomu 3, nakalowa ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina wa zamatabwa ku Chikangawa. Kumeneko ndi kumene anazolowera kuwerenga Chingerezi, poti m'nyumbamo munali mabuku amene eni ake sankawakhudza n'komwe.

Chaka chatha ndinkaphunzitsa a Folomu 4 buku lakale la ku Mangalande. M'bukumo muli nyumba yaikulu yamiyala pamwamba pa phiri, chipinda chokhala chokhoma, ndi mtsikana amene akudikira bwenzi lake lomwe linapita kutsidya kwa nyanja. Wofotokoza nkhani yonseyo ndi mayi wantchito wa m'nyumbamo. Mabuku anali ochepa, Chingerezi chake cholimba, choncho atsikana anatenga buku limodzi n'kupita nalo kwa Amama.

Lamlungu masana, atsikana akulukana tsitsi pakhonde, Amama ankawafotokozera mutu ndi mutu m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa. Nyumba ija anaiika m'nkhungu ya ku Chikangawa, mphepo ikulira m'mapaini. Ana amene ankagona m'kalasi anayamba kukangana za anthu a m'buku ngati abale awo.

Mmodzi wa iwo anali Monalisa, amene ankabwereza Folomu 4. Amalume ake anali atanenetsa kuti akalepheranso abwerere kumudzi akasoke fodya.

Pa mayeso oyeserera ndinafunsa kuti: kodi mayi wofotokoza nkhaniyu tingamukhulupirire? Monalisa analemba kuti inde, ndi mayi wachilungamo amene sanalakwire munthu. Anawonjezera kuti mnyamata uja anapita ku Joni ndipo sanabwerenso. Anzake a ku hositelo analemba zomwezo. Koma m'buku mnyamatayo anabwera. Wantchito uja ndi amene anamubweza pakhomo, namunamiza kuti mtsikanayo anakwatiwa. Mtsikanayo anafa akudikirabe. Wantchitoyo amangoitchula nkhaniyi mothamanga pa tsamba limodzi, kenaka n'kuyamba kukamba za nyengo.

Ndinawapeza Amama akuyanika mabulangete kuseri kwa hositelo, ndipo ndinawaonetsa pepala la Monalisa.

"Za ku Jonizo ndinangofuna amve msanga, aphunzitsi," anatero. "Kuno mwamuna akachoka n'kungoti zii, wapita kuti?"

"Nanga za pakhomo zija?"

Anapukuta manja pachitenje kwa nthawi yaitali.

"Ndinadumpha dala. Munthu wasesa nyumba imeneyo moyo wake wonse, wakoleza moto, watsuka mbale za eni, ndiye ana angawa amutche mfiti? Ndinamumvera chisoni chomene." Anayang'ananso pepala lija. "Ndiye mwanayu ndamupha ndine."

Ndinawauza kuti mayeso enieni anali asanafike. Sabata imeneyo ophika anandiuza kuti mbale ya Amama inkabwerera momwe yapitira.

Lamlungu lotsatira anandipempha kuti ndikakhale nawo pakhonde. Bukulo anampatsa Monalisa, namuuza kuti awerenge mokweza tsamba lija. Monalisa anawerenga mojejema, nafika pomwe chitseko chikutsekedwa, n'kuima.

"Amama, ndiye kuti mnyamata uja anabwera?"

"Anabwera, mwana wanga."

"Inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Ndinakubisirani."

Wina kumbuyo anaseka. "Ndiye mwangokhala ngati mayi wa m'bukuyutu, Amama!"

Atsikana ena anamutsina kuti akhale chete, koma Amama anagwedeza mutu.

"Musiyeni, wanena zoona. Iyeyo ankafuna tizimuona ngati munthu wabwino, ine ndinamuthandiza. Mbwenu mukalembe zimenezo. Munthu akamakufotokozerani nkhani, muzimufunsa kuti iye anali pati."

Kuchokera tsikulo anayambiranso buku lonse ndi Monalisa, tsamba ndi tsamba. Monalisa ndiye ankawerenga. Amama ankangomasulira mawu ovuta, ndipo akangoyamba kukometsa nkhani ankadzigwira pakamwa okha.

Zotsatira zitatuluka, Monalisa anakhoza, koma mwapang'ono kwambiri. Anabwera pa kabaza kuchokera ku Boma, atanyamula chitenje chatsopano.

"Yewo chomene, Amama," anatero atagwada.

Amama analandira ndi manja awiri. Monalisa atachoka, Amama anandiuza motsitsa mawu kuti, "Akanapanda kutaya miyezi ija ndi nkhani yanga, akanakhoza bwino kuposa apa."

Chitenjecho sindinawaonepo atavala. Lamlungu masana amakhalabe pakhonde ndi atsikana a chaka chino, koma sayamba kulankhula mpaka buku likhale lotsegula m'manja mwa mwana.