Ya Mphaka

Amalume anga a Haruna ndi msodzi wa ku nyanja ya Chiuta, ndipo ndinafunsa kaye chilolezo chawo ndisanalembe izi. Chiyambireni kupalasa bwato sanaululepo zimene agwira. Ukawafunsa kuti zayenda bwanji lero, yankho ndi limodzi: "Aaa, ndangopezako ya mphaka." Iwo amati msodzi akatama nsomba ndi pakamwa, mawa lake madzi amamumana. Sindikunena kuti ndi zoona, ndikungonena zimene iwo amakhulupirira.

Vuto ndi lakuti mwana wawo Ilham, amene amagwira ntchito ku Joni, anawakhulupirira. Anaimba foni kwa amayi ake kuti bambo akungodzizunza, bwatolo ligulitsidwe, ndipo wogula wamupeza kale, abwera Loweruka.

Amalume anafika kwanga ku Nselema, kumene ndimaphunzitsa, thukuta lili kamukamu. Mpando anaukana.

"Aphunzitsi, paja Ilham amawerenga za asodzi zija za m'foni?"

Amanena tsamba la pa Fesibuku lotchedwa Mbedza ndi Ukonde, limene anthu amatumizako nkhani za usodzi. Ndinavomera.

"Ndilembeni pamenepo. Aone yekha kuti atate ake si mlesi."

Ndinali ndisanatumizepo nkhani kulikonse. Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso, amalume akungozungulira pakhonde ngati nkhuku yofuna poikira. Nditatumiza, a Willard a ku Balaka, amene amayang'anira tsambalo, anaibweza mwaulemu. Anati nkhaniyo ndi yabwino, koma lamulo lawo ndi lakuti msodzi atchule nsomba yaikulu imene anagwirapo.

"Iyayi!" anatero amalume. "Nditchule ndi pakamwa pangapa? Ameneyo anaponyapo mbedza, kapena amawedza m'chitsime cha ku Balaka?"

"Ndiye bwatolo lipite, amalume?"

Anatuluka, kukafika pamsewu, n'kubwerera. Anati ndilembe. Nditagwira foni anati ndisiye. Anapempha madzi, osamwa. Kenaka anakwera kabaza osatsanzika, ine n'kutsala ndi nkhani yopanda mathero ndi mutu wowawa.

Lachinayi m'mawa anandiitanitsa kwawo. Ndinapeza akazi awo a Khadija ataimirira pabwalo manja ali m'chiuno.

"Taonani misala ya amalume anu. Nsomba ikuuma padzuwa, ogula akudikira, iwo ali pa mpikisano ndi mphaka!"

Pamphasa panali mlamba wautali kuyambira m'chiuno mwanga kufika pansi. Ndinauyeza ndithu, kuopa kukokomeza. Amalume anali m'mbuyo mwa khitchini, akukwawa kusaka mphaka wa pakhomopo, amene pomaliza anamugwira atawakanda pamkono. Anamukhazika pambali pa mlambawo, mphakayo n'kumaoneka ngati khoswe.

"Jambulani msanga asanathawe. Ndipo pansi pake mulembe mawu anga a masiku onse. Ine sindinatame kanthu. Madzi akafunsa, wanena ndi foni yanu."

Ndinada nkhawa kuti a Willard akananso, poti lamulo limati kutchula, osati kujambula. Ndinawalembera kalata yopepesa yaitali kuposa nkhaniyo. Anangoyankha ndi tinkhope toseka, nkhani n'kutuluka masana omwewo, mutu wake uli "Ya mphaka".

Anthu ambiri anayankhapo, ena kupempha kuti akhale mphaka wa a Haruna. Koma amalume ankadikira munthu mmodzi. Lachisanu lonse anandiimbira foni mosalekeza mpaka ndinachita kutuluka m'kalasi.

"Walemba?"

"Sanalembe, amalume."

"Mwayang'ana bwino? Magalasi mwavala?"

Loweruka m'mawa, iwo atakhala kale m'bwato muja kuti wogula akabwera awanyamulire kumodzi, ndemanga ya Ilham inalowa. Ndinathamangira kudooko kukawawerengera: "Ababa, bwatolo likhale. Koma mphaka wanuyo muchepetseni chakudya, zaka zonsezi akudya yekha?"

Amalume anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anatola nkhafi, n'kukankha bwato.

"Mumuyankhe kuti lero mwina sindipeza ndi ya mphaka yomwe."