Dzanja la Manijala

Ndinasiya koleji patatha chaka ndi theka, ine ndi masamu titagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Nditafika kwathu ku Chowe ndinauza amayi kuti sukulu yandichepera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anati, "Ndiye upite komwe kukakukwane." Kwa ife a ku Mangochi, malo otero ndi amodzi okha: ku Joni.

Bambo anga anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Boma linawatumiza ku Chowe ndipo anamwalirira komweko, n'kutisiyira Baibulo, njinga yopanda mabuleki ndi munda wotopa umene chimanga chake chinkalekezera m'mawondo. Choncho ndinanyamuka ndi lonjezo limodzi: chaka chilichonse ndizitumiza ya feteleza.

Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina amene ankatolera zakudya zotsala m'malesitilanti n'kumapangira manyowa. Ofesi yanga inali wilibala ndi foloko. Kukacha ndinkasanjikiza makoko, masamba owola ndi udzu wouma, n'kumatembenuza milu mpaka dzuwa kulowa. Amayi atafunsa pa foni, ndinawauza kuti ndine manijala woona za chonde m'nthaka. Sindinaname kwenikweni. Nyongolotsi zonse za pamalopo zinali pansi pa ulamuliro wanga.

Lamulungu ndinkabwereka jekete kwa mnzanga wa ku Makanjira yemwe tinkagona chipinda chimodzi, n'kukaima pafupi ndi galimoto ya eni ake kuti andijambule. Zithunzi zinkapita kumudzi, fungo linkatsala ndi ine. M'minibasi ndinkapatsidwa ulemu waukulu: mpando wa anthu awiri ndinkakhalapo ndekha. Mwezi wa Juni, kuzizira kukaluma, ndinkapisa manja mu mulu wotentha n'kumaulankhula Chichewa. Mulu suyankha, koma sufunsanso mapepala.

Amayi nawo ankatumiza zithunzi. Chaka choyamba chimanga chinawafika m'chiuno, chachitatu chinawabisa mutu. Ndinkaonetsa aliyense. "Feteleza wanga uyu," ndinkatero, ngati ndamupanga ndekha.

Mapepala okhalira ku Joni atatha ndinabwerera kwathu, patadutsa zaka zinayi, nditavala jekete langalanga. Ndisanaone denga la nyumba yathu, mphuno inandiuza kuti ndafika pa ntchito. Kuseri kwa nyumba kunali milu isanu yofunditsidwa mapesi, ndi amayi asanu ndi awiri, ena a kutchalitchi kwathu, ena a kumzikiti. Pakati pawo panali amayi anga, atagwira wilibala.

"Nanga feteleza uja?" ndinafunsa titapatsana moni.

"Ndalama yako yoyamba inafika chimanga chitamasula kale ngayaye," anatero. "Ndikanathira chiyani? Ndinagula wilibalayi. Zinazo timalipira a kabaza otibweretsera zinyalala za kumsika."

Nzeru inachokera kwa Abiti Mussa, mnansi wathu wogulitsa nsomba ku boma. Iwo ankatolera matumbo ndi mamba, ena matimati ophwanyika, makoko a nthochi ndi masamba a kabichi, zimene kale zinkangounjikidwa kuseri kwa msika. Manyowa akapsa, mulu uliwonse umapita kumunda kwa mmodzi.

Ndinaima chapatali, monga ayenera kuchitira manijala. Koma mulu wakumapeto unkanunkha molakwika. Manyowa abwino amanunkha ngati dothi la mvula yoyamba. Uwu unkanunkha ngati mlandu. Ntchentche zinali pa msonkhano.

"Umenewo ndi wanga," anatero Abiti Mussa. "Walayi, sabata zitatu sukutentha. Mvula ili pakhomo. Ukakanika, chaka chino ndibzala pa mchenga."

Apa ndinayenera kusankha. Ndikakhala chete, jekete lipulumuka, munda wa Abiti ugona ndi njala. Ndinalimbana ndi mtima wanga mwamphamvu, pafupifupi mphindi imodzi yathunthu. Kenako ndinakoleka jekete pa mtengo wa mango, n'kulowetsa dzanja mu mulu mpaka m'chigongono. Munali mozizira, monyowa ngati phala.

"Matumbo achuluka, mpweya mulibe," ndinatero. "Tiuphwasule. Bweretsani mapesi oduladula, udzu wouma ndi phulusa pang'ono. Pakati tizike ndodo. Mkucha mukaizula n'kupeza yafunda, ndiye kuti wadzuka."

Ndinatenga khasu, thupi n'kukumbukira lokha. Nditatembenuka ndinapeza onse akuyang'ana manja anga.

"A manijala," anatero Abiti Mussa, "dzanja limeneli silinayambe lero."

Ndinaulula zonse, ndi wilibala yomwe. Ndinkayembekezera kulira, kapena pemphero lalitali. Amayi anangopukuta manja pa chitenje.

"Ndinkadziwa kale. Pa zithunzi paja jekete linali loyera, koma zikhadabo zinali ngati zangazi."

"Ndiye osandifunsa bwanji?"

"Ndimati ukadzatopa ndi umanijala udzanena wekha. Chondipweteka n'chimodzi. Chaka chatha milu iwiri inatiwolera chonchi, tikusowa wofunsa, chikhalirecho katswiri tili naye pa foni, akutiuza za galimoto."

Pa tsiku lachitatu Abiti Mussa anabwera akuthamanga, ndodo ili m'manja, ikufuka nthunzi. Anandigwiritsa ngati akundipatsa mwana wakhanda.

Panopa milu ilipo khumi ndi iwiri, ndipo ogulitsa kumsika amatisungira okha zinyalala m'matumba. Ndinadutsa malire a maiko kukabisa ntchito imene amayi anga ankaigwira masana, anthu akuona, akuimba. Dzina lija silinachoke: Chowe yonse imanditcha a manijala. Wilibala ndimayendetsa ndine. Jekete lili kumunda kwa Abiti Mussa, pa mtengo wopingasa, likuopseza mbalame. Kumeneko ndiye lapeza udindo woliyenera.