Matumba a Alamu Kuseri kwa Chitseko

Mwana wanga wamkulu, amene nthawi imeneyo anali asanayambe ndi sukulu ya mkaka yomwe, anatuluka m'nyumba akunyambita chikhatho, nkhope atakwinya. Anati, "Amayi, shuga uyu ngowawa." M'nyumba mwathu munalibe shuga. Ndinamugwira dzanja, ndikuona timibulu toyera tamatirira m'zala, ndinanunkhiza. Feteleza. Ndamuthirapo m'mizere ya tiyi ndi manja angawa, sindingamusokoneze ndi china.

Ndinamutsuka mkamwa, kumumwetsa madzi, wakhanda ali kumbuyo akulira, kenako ndinalowa kukaona kumene wazitenga. Kuseri kwa chitseko kunali matumba awiri a alamu anga, achimwene awo a amuna anga, amene ankagwira ntchito kusitolo ya esiteti. Anabwera nawo panjinga, akuti ndi nandolo, kwawo anankafumbwe avuta, tiwasungireko. Kwathu kuno thumba la alamu sutsegula, ngakhale kufunsa sufunsa. Ukafunsa ndiye kuti abale a mwamuna wako ukuwayesa akuba, ndipo mawuwo amakafika kwa apongozi iwe usanamalize kutsuka mbale. Ndiye ndinangoti, "Ikani apo, alamu," n'kumasesa mozungulira.

Tsopano msomali wa chitseko unali utang'amba ngodya ya thumba limodzi. Ndinakuza pang'ono ndi chala. Mkati munali thumba lina, lokhala ndi chizindikiro cha esiteti.

Amuna anga atabwera kuchokera kumunda ndinawaonetsa. Anayang'ana, anayang'ananso, akuvula gambutsi pang'onopang'ono.

"Soka pamenepo," anatero.

"Ndisoke? Bambo ake, ameneyu ndi feteleza wa kampani."

"Waba ndiwe?"

"Ayi."

"Ndaba ndine? Nanga ukunjenjemera chiyani? Achimwene adzatenga. Iwe sunaone kanthu."

Ndinasoka. Koma ndinali nditaona.

Mawa lake tikuthyola tiyi ndinapezeka mzere umodzi ndi mayi wina wachikulire wa kulaini yakumunsi, amene tonse tinkangomutcha achemwali. Mwana wawo wamwamuna anali kundende, ndipo iwo anakhalapo m'khoti tsiku lililonse la mlandu wake mpaka kutha. Ndinayamba mozungulira, ndikuti pali mnzanga wina wa ku Goliati amene anasungitsidwa katundu.

"Mnzako wa ku Goliatiyo ali ndi mwana kumbuyo ngati iweyo?" anafunsa, manja osasiya kuthyola. "Yankhula, mwanawe, kapitawo ali kutali."

Ndinawauza zonse.

"Tamvera. Wanga uja sanabe njinga. Anagula. Kukhoti anatiuza kuti kuba ndi mlandu pawokha: watenga cha mwini, ulibe nacho ufulu, ndipo mumtima mwako sukufuna kuti chidzabwerere. Kulandira kapena kusunga chobedwa ndi mlandu winanso, uli ndi ndende yakeyake. Pamenepo safunsa kuti unalowa m'sitolo kapena ayi. Amafuna zinthu izi: katunduyo ngobedwa, ali m'manja mwako, ndipo iwe ukudziwa. Ngakhale unene kuti sindinkadziwa, amaona ngati panali chokuchititsa kuganiza choncho. Amajisitireti anamufunsa kuti, njinga yatsopano pamtengo wa tambala, iwe sunadabwe? Anthu m'khoti anaseka. Ine sindinaseke."

"Koma ine anandiuza kuti ndi nandolo."

"Masiku onse amene unkati ndi nandolo unalibe mlandu. Mlandu umafuna dzanja ndi mtima, zonse pamodzi. Dzulo watsegula, waona chizindikiro, kenako watani?"

"Ndasoka."

"Aaa, telala wathu!" Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Ulusi umenewo ndi wa ndani? Wapolisi akadzaona, adzati wosokayo anali wotsinzina?"

Ndinafunsa ngati ndingakataye kumtsinje. Anati ndiye kuti ndawonjezera, ndathandiza kubisa. Ndinati nanga poti ndinachita kuuzidwa ndi amuna anga. Anati kukhoti aliyense amayankha za manja ake. Ndiye ndinafunsa chimene ndinkaopa kufunsa, za ana.

"Woyamwayo umalowa naye kundende. Ndawaona ine ndi maso, ana akukwawa pasimenti kumeneko. Wamkuluyo amatsala ndi amene watsala."

Amene akanatsala anali alamu omwewo ndi akazi awo. Masamba amene ndinathyola kuchokera pamenepo kapitawo anandibwezera, akuti ndasakaniza ndi okhwima, maso anga ali kuti.

Masiku amenewo mphekesera inali itayamba kale kuti kusitolo kwasowa zinthu. Alonda ankadutsa m'malaini awiriawiri, osalankhula, akuyang'ana m'makonde. Ine chilichonse ndinkachiona: galimoto ikaima kumsewu, galu akauwa, mayi woyandikana nafe akaima nthawi yaitali pakhomo panga akupempha moto. Mwana ndinamuletsa kusewera m'nyumba, ndinamuletsanso kusewera kutali, mpaka anangokhala pakhonde wosadziwa kolowera.

Lamulungu titachoka kutchalitchi alamu anabwera, atavala malaya oyera, akutafuna nzimbe. Ndinagwada, kuwapatsa moni, kenako ndinati, "Alamu, katundu uja mutenge lero."

"Iii, alamu, akukudyerani ndiwo? Nandolo sadya kanthu."

"Si nandolo."

Analavula zotsalira za nzimbe, n'kuyang'ana mng'ono wawo. "Wamva? Unakwatira loya iwe, osatiuza. Loya wa sitandade sikisi." Amuna anga anaseka, kuseka kwa munthu amene akufuna nkhani ithe. Alamu anatembenukiranso kwa ine, mawu atatsitsa. "Panopa kunja kwatentha, sindinganyamule kanthu. Ndipo kumbukirani, alamu, zinthuzo zili m'nyumba mwanu, osati mwanga. Akabwera apeza ndani? Mwamuna amakhala kumunda. Wosunga nyumba ndinu."

Apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chimene matumbawo sanawasunge kwawo.

Atapita ndinawauza amuna anga kuti tipite limodzi tikanene. Anati m'bale wawo sangamupereke, ndipo ndikapita ndekha ndisadzabwerenso pakhomo pawo, komanso ndidziwe kuti nyumbayi ndi ya kampani, akachotsedwa ntchito tonse tigona panja. Zimenezo zinali zoona. Ndinkangoyang'ana wakhanda akuyamwa, kaphazi kake kakundiponda pamimba, ndikuganiza za simenti ija.

Lolemba sindinapite kumunda. Amuna anga atangotuluka ndinamanga zovala za ana m'chitenje, matumbawo osawakhudza, ndinatseka chitseko. Ndinakwera kabaza, wamkulu pakati, wakhanda kumbuyo, mpaka kwa amayi anga ku Khonjeni. Ndinawapeza akuphika kalongonda. Ndinawafotokozera ndili chiimire, m'Chilomwe, kuti mwana asamve zonse. Amayi anangoti, "Ukudziwa kuti banja latha?" Ndinati mwina. Anapukuta manja, n'kumukoka mdzukulu wawo kumuimika pakati pa miyendo yawo.

Wakhanda ndinamuyamwitsa mpaka anagona, mbali zonse ziwiri, kuti akhute. Anali atayamba kale phala, ndiye ndinamusiyanso. Sindinadziwe ngati kupolisi akandimvera kapena akandisunga, ndipo sindinafune kuti akandisunge naye.

Ndinafika kupolisi dzuwa lili pamutu, kumsana kopepuka mpaka ndinkangodzigwiragwira. Wapolisi wamkazi anali pakauntala anandifunsa kuti ndadzadandaula za ndani. Ndinati, "M'nyumba mwanga muli feteleza wa esiteti. Anandisungitsa akuti ndi nandolo. Ndinadziwa sabata yathayi, ndipo pamene panang'ambika ndinasoka ndine. Ndabwera kuti tipite mukatenge."

Anandiyang'ana, anafunsa ngati ndili ndi ana. Ndinati ali kwa agogo awo. Anakoka mpando, n'kunena kuti ndikhale, ndiyambire pachiyambi.