A Daka pakati pa lole ya mchenga ndi apongozi

Ku komboni ya Bwacha kwamveka kwa zaka kuti a Elliot Daka ali ndi chithumwa pansi pa chishalo cha njinga yawo. Anthu amati anachitenga kwawo ku Petauke, kummawa kwa dziko, ndipo galimoto singawaphe ngakhale itawaponda pamutu. Umboni wake akuti ndi uwu: lole ya mchenga yawagwetsera m'ngalande kangapo konse, koma kukacha amapalasa mumsewu womwewo ngati sanamve kanthu. Ena anafika poyamba kusisita chishalocho mobisa njingayo ikaimikidwa panja pa tchalitchi, ati mwina mphamvu ingawayambukire. Anthu ongotuluka kumene mu Misa amenewo.

Zonsezi n'zabodza. A Daka ndi munthu wamantha, woti galu wa eni akauwa amatsika panjinga n'kuyamba kupepesa.

Anabwera m'tauni muno ikutchedwabe Broken Hill, ali ndi kabudula mmodzi, kutsatira amalume awo amene ankagwira ntchito ku njanji. Amalumewo anawapezera malo ku shedi ya ku Railways, kupaka girizi mawilo a mabogi. Ufulu utabwera anzawo ena anakwezedwa n'kukhala mafolomani, tauni inasintha dzina, koma a Daka anatsala ndi chitini chawo cha girizi. Chimene anapindula ndi njinga yakuda ya mabuleki a ndodo, nyumba ya khonsolo ku Bwacha, ndi mkazi wakwawo komweko, Tryness.

Mavuto anayamba tsiku lina m'dzinja. Lole ya mchenga ya kontilakita wina inadutsa pachithaphwi n'kuwasambitsa matope kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. Munthu amene sanatukwanepo chibadwire anakweza chibakera n'kukuwa kuti dalaivalayo ndi wodya anyani. Apa ndiye analakwitsa. Dalaivala uja, Febian Mutale, anali Mubemba weniweni wa ku Kasama, ndipo mawuwo anawalandira ngati moni. Abemba ndi anthu akummawa ali pachimbuya: amanyozana, amalandana zinthu, amapakana ufa pamaliro, ndipo wokwiya ndiye chitsiru. Akummawa amati Abemba amadya anyani, Abemba amati akummawa amadya mbewa. Febian anaimitsa lole, natulutsa mutu pawindo akuseka mpaka misozi, n'kufunsa kuti mbewa zam'thumba zanyowa kapena zapulumuka. Anali atapeza mbuya wake.

Kuyambira pamenepo ankawasaka m'mawa uliwonse. Akawaona patsogolo ankachepetsa liwiro, n'kuwayandikira mwakachetechete, kenako hutala kukhutu. Masiku ena ankawafinyira kumphepete pang'onopang'ono mpaka phula litatha. A Daka ankamva kutentha kwa injini pamsana, akuitana oyera mtima onse amene ankawakumbukira maina.

Tsiku lina atagwa n'kusupuka chigongono anakadandaula kwa tcheyamani wa chipani wa m'dera lawo. Febian anaitanidwa, ndipo anabwera mosangalala, n'kufikira kuvula chipewa cha a Daka n'kuchivala yekha. Anati iye sangaphe mbuya wake, nanga akafa iyeyo adzamuseke pamaliro ndani? Tcheyamani anagamula kuti chipani sichiweruza chimbuya, ndipo kukwiyira mbuya ndi kusankhana mitundu kumene boma likuletsa. Anthu onse anaseka. A Daka nawonso anaseka, chifukwa panalibe china chochita, ndipo chipewacho sichinabwerere.

Tryness anawauza kuti asinthe njira. Basi imabwera ikafuna, ndipo ku shedi wochedwa amabwezedwa pageti. Kulawira sikunathandize, poti lole ya mchenga imapita n'kubwerera m'mawa wonse. Inatsala njira imodzi yokha, kanjira kafumbi kodzera ku komboni ya Ngungu, kowoloka ngalande yaikulu pa kamlatho ka matabwa. Ndipo pakamwa penipeni pa kamlathoko ndi pamene amayi ake a Tryness, amene anabwera kudzakhala ndi mwana wawo wamwamuna, amakazinga vitumbuwa zogulitsa kwa anthu opita ku ntchito.

Kwawo kwa a Daka mkamwini ndi apongozi aakazi sakumana maso ndi maso. Mmodzi akaona mnzake akubwera amapatuka n'kulowa patchire. Kumudzi tchire lilipo lambiri. Ku Ngungu kuli ngalande.

Anayesa ndithu. Atafika pafupi anatsika panjinga, nanjuta m'mphepete atayang'ana kumbali, akuwomba m'manja chapansipansi. Apongozi atawazindikira anadzifunditsa chitenje kumutu n'kuthawira kuseri kwa chimbudzi cha eni. A Daka sakanadzuka apongozi asanapereke mpata, apongozi sakanatuluka mkamwini asanadutse, ndipo aliyense ankadikira mnzake mwaulemu. Pambaula mafuta anapsa mpaka kuchita utsi wakuda. Anali mafuta a saladi amene mayiwo anawaimira pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Vitumbuwa zimene zinali m'beseni anthu odutsa anazithandiza. A Daka anafika ku shedi geti litatsekedwa.

Madzulo Tryness anapita ku Ngungu, nabwerako maso ali ofiira. Amayi ake sanadandaule, anangotumiza mawu oti mkamwini wawo ndi munthu waulemu kwambiri, ndipo ngati njirayo waikonda iwo asiya geni n'kubwerera ku Petauke. Tryness ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Kenako anati, "Kwa amayi musadzerekonso. Koma kumsewu kujanso adzakuphani."

A Daka anafunsa kuti tsono adzere kuti. Mkaziyo anangonyamula mbale n'kupita nazo panja.

Anabwerera ku phula. Chaka chathachi lole ija inawakhudza ndi bodi, ndipo anathyoka fupa la paphewa. Febian yemweyo ndi amene anawanyamula m'manja n'kuthamangira nawo kuchipatala, akulira pang'ono, akuwanyoza pang'ono kuti anthu akummawa mafupa awo ndi a mbewa. Ankabwera kudzawazonda ndi nthochi, n'kudya yekha theka. Manesi ankati a Daka ali ndi mwayi, bwenzi lotere silipezekapezeka. Febian analonjeza kuti sadzawagundanso, azingowaopseza basi.

Phewa litapola anawongola handulo, namanga chubu chophulika ndi mphira, n'kutulutsa njinga. Tryness anawaperekeza ndi maso ali pakhomo. Pamphambano a Daka anaima kanthawi phazi limodzi lili pansi, akuyang'ana kanjira ka ku Ngungu kumene utsi wa mbaula unali kukwera. Kenako anakhotera ku phula, mapewa atawakweza kale kudikira hutala.

Apa m'pamene mbiri ya chithumwa inakulira. Loweruka lina a Petson Miti, oyandikana nawo nyumba, amene nawonso anali atangogula njinga, anawatsatira kuseri kwa nyumba n'kuwanong'oneza kuti asaumire, awagawireko pang'ono mankhwala aja, anthu onse akudziwa kuti alipo.

A Daka anapitiriza kupopa tayala osadzutsa mutu.

"Mankhwala ndilibe ine, a Miti," anatero. "Ndili ndi apongozi."