Odi pa Bwinja la Aroma

Tinanyamuka ku Scarborough Lachiwiri masana, ine ndi mwana wanga Tadala, aliyense nkhope ili ndwii. Tinali titakangana. Achimwene anga ku Ntcheu anali atandiimbira kuti nyumba ya malemu amayi yasanduka bwinja, denga linagwa ndi mvula, ndiye akufuna kuigumula kuti njerwazo amangire khola la nkhumba. Ankadikira mawu anga pofika Lamulungu. Ine ndinkafuna Tadala akaione kaye, poti anabadwira kuno kunja ndipo ku Malawi sanapondeko. Iye anangoti, "Mum, it's just broken walls. Asiyeni amalume agumule."

Mwana yemweyu, amene amaphunzira mbiri yakale kuyunivesite ku North York, ndi amene ananditenga ulendo wa ku Italy kukaona makoma ogumuka a eni ake. Ndinangoti tiye tikaone.

Basi, sitima yapansi, basi ina mpaka kubwalo la ndege, zonsezo pa tikiti imodzi ya madola atatu ndi timasenti. Ndege inatidyera pafupifupi maola naini. Titagona ku Rome, Lachinayi m'mamawa tinakwera sitima ya ku Naples. Pasiteshoni ndinagula khofi, ndipo anandipatsa m'kakapu konga chotsekera botolo. Ndinafunsa bambo wogulitsayo ngati kameneka n'kolawa chabe. Anaseka nati, "Imwani mayi, mukandikumbukira masana." Sananame.

Cha m'ma 10 tinali pachipata cha Pompeii, mzinda wa Aroma umene unakwiririka ndi phulusa la phiri lophulika. Wotiyendetsa anali mayi wamfupi dzina lake Giulia, atakweza ambulera yofiira kuti tisamutaye. Msewu wake ndi wa miyala ikuluikulu, ndipo mizere imene mawilo a ngolo anakumba ikuonekabe. Mawondo angawa, amene anatha ndi kunyamula okalamba kuntchito, anayamba kudandaula tisanapite patali.

Titafika pa nyumba ina yaikulu, alendo anzathu anangolowa piringupiringu, mafoni ali m'mwamba. Ine miyendo inakana. Kwathu bwinja silisowa mwini, sungalowemo ngati mbuzi. Ndinaima pakhomo, n'kuwomba m'manja pang'ono. "Odi kuno!"

"Mum! Mukundi-embarrassa," ananong'ona Tadala.

Giulia anamva ndipo anafunsa chimene ndanena. Ndinaloza Tadala kuti afotokoze, si ndiye wasukulu? Anayamba modzikoka, kuti munthu salowa pakhomo osapempha, ngakhale eni ake atamwalira kalekale. Ndinatchera khutu. Sananene kuti "kwa amayi anga". Anati "kwathu".

Giulia anaitana onse kuti abwerere panja. Anatilozera pansi, pomwe anzathu aja anadutsa osaona. Panali timiyala tosanjidwa kukhala zilembo zinayi.

"Awa ndi mawu a moni wa mwininyumba kwa mlendo," iye anatero. "Zaka zonsezi ndikuyendetsa anthu pano, lero ndi pomwe wina wapempha kulowa. Mayi, anakuyankhani kale. Lowani."

Ndisaname, ndinalowa misozi ili lengelenge. Chapatsogolo tinapeza mwala wapakhomo wodyeka pakati ndi mapazi a anthu. Ndinamuuza Tadala kuti khonde la agogo ake linadyeka chomwechi, pamene ankakhala posankha nyemba n'kumakalipira nkhuku. Tadala anagwada, naupapasa mwalawo, osajambula.

Masana tinadya pizza ya mayuro sikisi pamthunzi. Khofi uja anali akundigwedezabe mtima. Tadala anadya theka, kenako anayamba Chichewa chake chopunduka chija.

"Amayi, amalume mwawayankha?"

"Ayi."

"Auzeni adikire December. Ndikufuna ndika... ndikanene odi kwa agogo."

Ndinaimba pomwepo, asanasinthe maganizo. "Achimwene, nkhumbazo zidikire." Anadandaula kuti kunja kwatiwononga mitu, anthu olirira makoma opanda denga. Koma anavomera kuti sakhudza njerwa ngakhale imodzi.

Lolemba tinali titabwerera ku Scarborough, mawondo atatupa. Ndinawoloka nyanja yonseyo kukaphunzira chimene ndinakulira nacho: nyumba imafa pakasowa woti odi. Masiku ano Tadala akabwera kudzandiona, kiyi ali naye, koma amaima pakhomo n'kuwomba m'manja, mokokomeza kuti andiseke. Ine ndimamusiya aimirire pang'ono, azolowere. Agogo ake sankayankha msanga.